Lilongwe ndi njira zachidule zimene tikutseka tokha

Mu February chaka chatha, cha m'ma 2 koloko usiku, foni yanga inalira. Anali msuweni wanga wa ku Chinsapo. Azakhali shuga yawakwera, sakuyankhula, pakufunika galimoto. Nthawi imeneyo n'kuti ndikukhalabe kwa makolo ku Kawale. Galimotoyo sinavute, mnzanga wina woyendetsa takisi anadzuka osanyinyirika, ndipo kukafika pa msewu wa Likuni sitinachedwe, paja usiku misewu ya mu Lilongwe imakhala ya mbee. Vuto linayamba titangosiya tala.

Ku Chinsapo ndikudziwako. Ndinakhalako zaka ziwiri ndili ku sekondale, ndipo njira ya kwa azakhali ndinkatha kuyenda nditatsinzina: ukakhota pa chigayo, umadutsa pakati pa tchalitchi ndi nyumba ina ya malata adzimbiri, kenako mtengo wa mango, basi wafika. Ngakhale lole ya mchenga inkalowa. Usiku umenewo nyali za takisi zinaunika mpanda wa njerwa, watsopano, pamwamba atazika mabotolo oswa. Tinabwerera chambuyo, tinayesa kwina, tinakathera pa geti la munthu. Tinayesa kachitatu, kanjira kake kongokwana mayi ndi ndowa pamutu. Mapeto ake galimoto tinaisiya pa chigayo pompaja, azakhali tinawatulutsa pa wilibala titayalamo bulangete, anyamata awiri akuunika ndi matochi a m'foni, kamvula kakuwaza. Mwamwayi anachira. Masiku ano amatiseka kuti anakwerapo Benz ya tayala limodzi. Ine zinanditengera nthawi kuti ndiseke nawo.

Chimene chinandikhala pamtima ndi ichi: zimatheka bwanji kuti mu likulu la dziko, nyumba imene ili pa mtunda woti munthu atakuwa pa msewu ungamumve, galimoto isathe kufikapo? Ndinayamba kuwerenga, ndinayambanso kufunsa agogo anga aamuna, amene anafika mu Lilongwe mu 1972. Zimene ndapeza ndi zimene ndikulemba panozi, ndipo ndichenjezeretu kuti mlanduwu sukugwera boma lokha. Ukutikhudza tonse, ine ndemwe ndili momwemo.

Lilongwe sinabadwe yotambalala chonchi. Pofika 1904 panali kale boma la atsamunda m'mphepete mwa mtsinje, kumene lero timati ku Old Town. Malowa anakula pang'onopang'ono chifukwa anali pa mphambano: njira yochokera kumwera kupita kumpoto inkakumana ndi yopita ku Salima komanso yopita ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Fodya anabweretsa ndalama, amwenye anatsegula masitolo, ndipo mu 1947 malowa anayamba kutchedwa tauni. Koma kanali katauni basi. Kalembera wa 1966 anapeza anthu opitirira pang'ono 19,000. Onsewo mutawalowetsa mu Bingu National Stadium, theka la mipando likanakhala lopanda munthu. Kuchoka kunyumba kupita kumsika, kuchipatala kapena ku boma kunali kuyenda wapansi.

Kamuzu Banda ndiye anasintha zonse. Mu 1965 boma lake linagamula kuti likulu lichoke ku Zomba. Maganizowo pawokha sanali oipa, ndipo amene amawanyoza ndimawafunsa kuti Zomba ikanakulira kuti, phiri lili pamsana chonchija. Chigawo chapakati ndi kumpoto zinkafunikadi kukokeredwa chitukuko. Koma Britain inakana kupereka ndalama, ndipo amene anavomera linali boma la tsankho la South Africa, limene mu 1968 linabwereketsa ma rand 8 miliyoni. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe lomanga likulu la Capital City Development Corporation, CCDC mwachidule, ndipo pulani yoyamba ya mzindawu inajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa komweko, Gerke ndi Viljoen. Mu 1975 Lilongwe inakhala likulu.

Ndiye taonani chimene anajambula. Anatengera nzeru ya ku England ya Ebenezer Howard, yoti mzinda wabwino ndi wokhala ngati munda wamaluwa: nyumba zotalikirana, mitengo yambiri, dera lililonse lozunguliridwa ndi tchire. Sanamange likulu latsopano moyandikana ndi tauni yakale ayi. Analiika kutali, pakati n'kusiyapo nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi imene lero timati Nature Sanctuary. Mafakitale anawaika ku Kanengo, bwalo la ndege ku Lumbadzi, kumene linatsegulidwa mu 1983. Mzinda umodzi unakhala ndi mitima inayi, Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, yonse yokolekedwa pa msewu umodzi wa M1 ngati nsomba pa chingwe. Madera anawapatsa manambala m'malo mwa mayina, ndipo manambalawo sanatsate mmene malo akhalira koma mmene ankatsegulidwira. Mlendo akakufunsani chifukwa chake Area 18 ndi Area 47 zili moyandikana pamene Area 23 ndi Area 25 zili kumapeto awiri a mzinda, yankho lake ndi limeneli.

Akatswiri amene analemba za mzindawu, ngati Deborah Potts ndi Garth Myers, anaona kuti pulaniyi inali ndi fungo la matauni a kumene inachokera. Kuno sanagawe anthu potengera khungu, anawagawa potengera thumba. A ndalama ndi akuluakulu a boma anapatsidwa Area 10, 11, 12 ndi 43, pafupi ndi maofesi, puloti iliyonse ngati munda. Ogwira ntchito za m'maofesi anapita ku Area 18. Otsalafe anatiika kuseri kwa mtsinje, kuseri kwa dambo, kapena kutali kumpoto. Tchire lija limene pa pepala linali lokongoletsa, pansi pano linagwira ntchito ya mpanda. Ndipo pulani yonse inaganizira munthu wa galimoto, m'dziko limene pafupifupi aliyense ankayenda wapansi kapena pa njinga.

Agogo anga anali mmodzi mwa onyamula njerwa ndi kukandira simenti pa Capital Hill. Ndikawafunsa za masiku amenewo sayamba ndi Kamuzu, amayamba ndi miyendo. "Mdzukulu wanga, ife tinkamanga maofesi, koma pogona anatiika kutsidya. Tambala woyamba akalira n'kuti tili panjira." Iwo ndi anzawo sankatsata msewu wa galimoto, unkazungulira kwambiri. Ankadula m'tchire, kuwoloka mtsinje pa miyala nthawi ya chilimwe, ndipo mapazi awo anapanga njira zimene pa pulani panalibe. Ndikuona kuti mbiri yeniyeni ya misewu ya Lilongwe inayambira pamenepa. Kuyambira tsiku loyamba mzindawu wakhala ndi mapu awiri, a pa pepala ndi a mapazi.

Komabe ndisanamize, kumene anawaika agogowo kunali kwa dongosolo. Kawale ndi Area 7, Biwi ndi Mchesi ndi Area 8, ndipo manambala aang'onowo akukuuzani kale kuti ndi madera akale. Anali m'gulu la malo amene boma linkawatcha Traditional Housing Areas. Boma linkayeza mapuloti, kulambula misewu yafumbi, kuika mipopi ya madzi yotungapo anthu onse, ndipo iwe unkamanga nyumba ndi zimene uli nazo, kaya zidina kaya udzu. Nyumbazo zinali zaumphawi, koma misewu inayamba ndiyo, nyumba n'kubwera pambuyo. Mpaka lero ku Kawale munthu ukhoza kusochera koma sutsekeredwa. Ukaphonya mzere uwu ulowera winawo, ukatulukirabe ku Masintha kapena pa msewu wa Chidzanja. Malandilodi anadzaza mapuloti ndi midadada ya lendi, puloti ya banja limodzi lero ili ndi mabanja asanu ndi limodzi, ngalande zinatsekeka, tala anakumbika, koma mizere ija ilipobe. Galimoto ya maliro imafika pakhomo.

Apa ndipatuke pang'ono, ndifotokoze chinthu chimene ndinkachiona tsiku ndi tsiku koma ndilibe mawu ake. Ubwino wa misewu ya dera suli pa kukula kwake kapena kusalala kwa tala yekha. Uli pa mmene misewuyo ikukumanirana. Pa mphambano ya njira zinayi munthu ali ndi zosankha zitatu. Pa ya njira zitatu ali ndi ziwiri. Msewu wothera pa geti ulibe chosankha, ubwerere mmene unadzera. Dera la mphambano zambiri, sukulu, msika ndi siteji zimakhala pafupi ndi aliyense, ndipo njira imodzi ikatsekeka moyo suima. Mu 2020 akatswiri awiri, Christopher Barrington-Leigh ndi Adam Millard-Ball, anatulutsa kafukufuku amene anawerenga mphambano za misewu ya dziko lonse lapansi pogwiritsa ntchito mapu a pa intaneti a OpenStreetMap. Anapeza kuti m'maiko ambiri, misewu yomangidwa kuyambira 1975 yakhala ikunka ikuchepa kulumikizana poyerekeza ndi yakale. Nditaona chakacho ndinaseka ndekha. Chaka chimene iwo anayambira kuwerenga ndi chimene ife tinalandira likulu. Mfundo yawo ina imene inandilasa ndi yoti nyumba zimagwa n'kumangidwanso, koma msewu ukalakwika poyamba umakhala choncho mibadwomibadwo.

Ngati muli ndi bandulo, tsegulani mapu pa foni yanu, muyang'ane Kawale kaye, kenako mukokere ku Chinsapo, kenako ku mapuloti atsopano a mumsewu wa Mchinji. Simufunika digiri kuti muone kusiyana.

Area 25 ndi mwana wa pulani yomweyi, ndipo ili ndi ubwino ndi matenda ake onse. Mkati mwake masekita anayezedwa bwino, mizere yake yowongoka, kupita kumsika wa Nsungwi suvutika. Koma inaikidwa kutali, kuti idyetse mafakitale a ku Kanengo, ndipo makomo otulukira ndi owerengeka. Anthu ochuluka ngati a boma lathunthu amatulukira pa njira zomwezomwezo m'mawa uliwonse. Area 23 nayo chimodzimodzi, kumwera chakum'mawa. Ndili ndi mnzanga wa ku Area 23 amene tinaphunzira limodzi ku koleji, ndipo chichokereni ine kusamukira ku 25 timaonana pa WhatsApp basi. Kuti ndikamuone ndikwere minibasi mpaka mu depoti, nditsike, ndikwere ina, thiransipoti kawiri kupita, kawiri kubwerera. Pafupifupi ulendo uliwonse mumzinda uno umayenera kukapereka moni ku Old Town, ndipo Old Town yomweyo inagawidwa pakati ndi mtsinje, mbali ziwirizo n'kudalira mlatho umodzi wa pa M1 kwa zaka zambirimbiri.

Umboni woti anthu amafuna njira zoposa zimene anapatsidwa uli pansi pa mlatho womwewo. Pakati pa msika wa Tsoka ndi wa Lizulu anyamata anakhoma milatho yawo ya mitengo ndi matabwa, ndipo aliyense wowoloka amasiya kandalama. Mvula ikakula madzi amaikokolola, madzi akaphwa amakhomanso. Ena amaiona ngati chisokonezo. Ine ndimaiona ngati kalata yopita kwa ojambula mapulani, yolembedwa ndi misomali.

Tsono chimene pulani ija sinayembekezere ndi anthu. Mu 1977 Lilongwe inali ndi anthu pafupifupi 99,000. Mu 1987 anali 223,000, mu 1998 anafika 440,000, mu 2008 anapitirira 660,000 n'kuposa Blantyre, ndipo kalembera wa 2018 anapeza 989,318. Pamene anthu ankachuluka chonchi, dzanja loyeza mapuloti linkafooka. CCDC inathetsedwa mu 1984. Madera aja a Traditional Housing Areas anadutsa m'manja mwa Malawi Housing Corporation, kenako mu 1992 anaperekedwa ku khonsolo, koma mapuloti atsopano oyezedwa sanafanane n'komwe ndi anthu ofika pa depoti tsiku lililonse ndi chikwama ndi mphasa. Munthu sangagone pa mndandanda wodikira. Anthu anapita kwa amene anali ndi malo, ndiwo mafumu a midzi imene mzinda unaipeza ilipo kale. Chinsapo, Mtandire, Mtsiriza, Kauma, Mgona, onsewa anakula motero. Lipoti la UN-Habitat la cha m'ma 2011 linati anthu atatu mwa anayi aliwonse mu Lilongwe amakhala m'madera osayezedwa. Ndiye tikamati madera amenewa ndi ongophukira pambali pa mzinda tikudzinamiza. Mzinda wake ndi umenewo. Area 10 ndiye yapambali.

Chinsapo, imene pa mapu a khonsolo ndi Area 57, ndi imene ndikuidziwa bwino, ndipo ndi pamene ndikufuna kukhalitsa. Harri Englund, amene anachita kafukufuku kumeneko kwa zaka zingapo, analemba mu 2002 za mmene mudzi ndi tauni zinalowererana m'derali: mafumu akugawa malo ndi kuweruza milandu, manda ndi dambwe zili pomwepo, pamene anthu ake ambiri ndi obwera odzasaka ndalama. Misewu ya ku Chinsapo sinajambulidwe ndi munthu. Ndi njira zakale za m'mudzi, yopita kudambo, yopita kuchitsime, yopita kumanda, yopita kumunda, ndipo nyumba zinamera m'mbali mwake. Wobwera pa galimoto amaona chipwirikiti, koma woyenda pansi ankaona china. Pamene ndinkakhalako, kuchoka kwa azakhali kupita kusukulu ndinali ndi njira zosachepera zinayi, ndipo ndinkasankha potengera matope, agalu, kapena mtsikana amene ndinkafuna kukumana naye mwangozi. Unkadutsa pakhomo pa munthu, kupereka moni, "Zikomo amayi, tadutsa nawo," iwo n'kuyankha ali pa mtondo. Kwa munthu wapansi, Chinsapo ya nthawi imeneyo inali yolumikizana kuposa Area 10, kumene ukhoza kuyenda mphindi khumi m'mbali mwa mipanda osapeza pokhotera.

Koma tinjira timeneto tinalibe pepala. Tinali ta aliyense, ndiye kuti tinalibe mwini. Malo ankagulitsidwa poloza ndi dzanja, kuchokera pa chulu kukafika pa mtengo wa mango, ndipo njira inkakhalapo chifukwa choti anthu ankagwirizana kuti ilipo. Malo atayamba kudula, mwana wa mwini munda anagulitsa kachigawo kotsala, wogulayo anagawanso pawiri, wina anawonjezera chipinda cha lendi n'kudya phazi limodzi la njira, woyandikana naye anati nanga ine nditsalirenji. Palibe amene anadzuka m'mawa n'kunena kuti lero nditseka msewu. Njira imafa ngati nsima ya pagulu, aliyense akutema mbamu yake yaing'ono.

Kenako panabwera mpanda wa njerwa. Agogo amati kale mpanda unali wa udzu kapena wa maluwa, wotchingira bafa ndi chimbudzi basi. Mipanda italiitali inafala m'zaka za m'ma 1990, umbava utakula, ndipo inayambira kwa a ndalama n'kutsikira kwa tonsefe. Lero mpanda ndi chizindikiro choti munthu wafikapo, ndiponso umakweza lendi. Apa ndiye pamene ndikuti ine ndili momwemo. Nditayamba ntchito n'kumasaka nyumba ku Area 25, funso langa loyamba kwa ejenti silinali la madzi kapena magetsi. Ndinafunsa kuti, "Ili mumpanda?" Laputopu yanga ndinaigula movutika ndipo sindikufuna kuipereka kwa akuba. Landilodi aliyense amamva funso limenelo kakhumi pa mwezi, ndiye akapeza ndalama amagula njerwa. Mpanda umene unatitsekera usiku uja unamangidwa ndi anthu ngati ine.

Mgona nkhani yake ndi yofanana, koma yothina kwambiri. Inamera m'mbali mwa Kanengo, kufupi ndi njanji imene inafika kuchokera ku Salima kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, chifukwa onyamula mabelo a fodya, alonda ndi aganyu ankafuna kugona poti akadzuka afike pa geti la fakitale wapansi. Pulani inawapatsa ntchito koma sinawapatse pogona papafupi pokwana thumba lawo, iwo anadzipezera. Malo ochepa, anthu ambiri, ndiye njira zambiri zimangokwana anthu awiri kupatukirana. Ndipo msewu sikuti ndi wa galimoto yokha. Paipi ya madzi imatsata msewu, ngalande imatsata msewu, mapolo a magetsi, galimoto yotola zinyalala, yopopa zimbudzi, yozimitsa moto, zonsezi zimafuna podutsa. Pamene palibe njira zonsezi zimathera pa siteji. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anachititsa kuti sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulidwa mu January 2023, sanali nkhani ya kusamba m'manja yokha.

Madzi osefukira nawo amationetsa pamene mapu athu ali owonda. Mu February 2017 Lingadzi anasefukira ku Mtandire mpaka asilikali anachita kupulumutsa anthu pa helikopita. Mu December chaka chomwecho inali nthawi yathu, ku Kawale, Kaliyeka ndi Chipasula. Ndimakumbuka mmene kamlatho kamodzi kakangomira, dera lonse linkasanduka chilumba, anthu ataima mbali ziwiri akuyang'anana, ena atanyamula nsapato m'manja.

Munthu akhoza kuganiza kuti vutoli ndi la aumphawi okha, kuti kumene kukumanga anthu ophunzira zinthu zili bwino. Pitani ku Njewa, ku Chitipi, ku Airwing, mumsewu wa Bunda kapena wa Salima mukaone. Malonda a mapuloti olipira pang'onopang'ono adzaza pa Facebook, ndipo anzanga ambiri a msinkhu wanga alowamo, inenso ndimawerengera. Wogulitsa amagula munda kwa eni mudzi, amaudula timapuloti tambiri mmene angathere, amasiya msewu umodzi wolowera umene umakathera pa puloti yomaliza. Wina amagula munda woyandikana nawo, amachitanso chimodzimodzi, ndipo misewu iwiriyo sikumana ngakhale ili yotalikirana ndi mikono khumi yokha. Malo a sukulu, a msika, a bwalo la mpira, mulibe, chifukwa zimenezo sizilipira. Nyumba zake ndi zokongola, matailosi ndi magalasi, koma mapu ake ndi ngati nthambi za mtengo: nthambi iliyonse imabwerera ku thunthu, ndipo thunthu lake ndi msewu wa Mchinji womwe uja wa m'mawa uliwonse. Tikumanga Chinsapo ina, ya anthu a magalimoto, yopanda ngakhale tinjira tija timene tinkapulumutsa Chinsapo yoyamba. Malamulo alipo, Physical Planning Act ya 2016 ilipo, pulani imene a JICA anathandiza kulemba mu 2010 ilipo. Koma woyeza malo wa boma akamafika amapeza maziko atakumbidwa kale, ndipo kugwetsa nyumba ya munthu si nkhani imene wandale aliyense amaifuna chisankho chikamayandikira.

Nanga misewu yatsopano ija? Ndimaikonda, ndisaname. Bypass ya kumadzulo inachotsa malole ambiri mu Old Town. Interchange ya ku Area 18 inatha mzere umene unkatidyera theka la ola. Msewu wa Kenyatta, umene mitengo yake tinailira pa Facebook mu 2021, lero ndi wa mizere isanu ndi umodzi ndipo ukutchedwa dzina la Saulos Chilima. Mlatho wa mu tauni nawo unakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Ndikamadutsa usiku magetsi akuwala ndimamva kukoma ngati wina aliyense. Koma kupatula bypass ija, yambiri mwa imeneyi ndi misewu yomwe ija ya Gerke ndi Viljoen, tangoinenepetsa. Sinawonjezere khomo lotulukira ku Area 25, sinalumikize Area 23 ndi dera lina lililonse mwatsopano, ndipo kwa mayi wa dengu la tomato pamutu, kuwoloka mizere isanu ndi umodzi ndi mtsinje wina woti awoloke. Yankho limene anthu wamba apeza ndi kabaza wa njinga yamoto, galimoto yokhayo imene imakwana m'njira zimene tatsala nazo. Mtengo wake tikuulipira ndi miyendo yothyoka.

Pali ena amene ayesa kuyambira kumene kuli vuto. Bungwe la CCODE, pamodzi ndi magulu a anthu osunga ndalama limodzi, ambiri mwa iwo amayi, akhala akuwerenga nyumba ndi kujambula mapu a madera ngati Mtandire ndi Chinsapo, kuti njira ikhale ndi pepala isanadyedwe. Ntchito yake ndi yosaoneka, palibe riboni yodula, ndiye simuimva pa wailesi kawirikawiri.

Azakhali atatuluka m'chipatala, ine ndi msuweni wanga tinapita kwa a mfumu. Anaitanitsa mwini mpanda uja. Ndinapita nditakonzeka kukangana ndi munthu wodzikuza, koma amene anabwera anali bambo wofatsa, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anaika ndalama zake zonse za penshoni pa puloti imeneyo. Akuba anali atamulowera kawiri. Anatulutsa pepala logulira malo, losainidwa ndi mboni zitatu.

"Achimwene, pepani kwambiri za mayi athuwo," anatero akundiyang'ana. "Koma taonani nokha. Pa pepala langali pali njira apa?"

Panalibe. Amene anamugulitsa anali atasamukira kwawo kalekale.

A mfumu anangoti kukhosi kwawo, n'kunena kuti mpanda wagwa kale ndalama, kuugwetsa ndi kuyambitsa udani wa zaka. M'malo mwake anatitengera kuseri, kumene kunali kanjira kaja kongokwana mayi ndi ndowa, pakati pa khitchini ya gogo wina ndi chimbudzi cha mnyamata wa lendi. Anati ngati mabanja a kumtundako asonkha ndalama, gogoyo akhoza kusuntha khitchini yake. Mabanja khumi ndi anayi anasonkha, ena pang'ono ena kwambiri, ine ndinaikapo ya thiransipoti ya mwezi umodzi. Pofika poyeza kukula kwa njirayo ndinatulutsa foni kuti ndione zimene akatswiri amalangiza. A mfumu anandiletsa ndi dzanja.

"Sungani foniyo, mwana wanga. Muyeso tili nawo."

Anaitana anyamata anayi, awiri uku awiri uku, n'kuwauza aimirire ngati anyamula bokosi la maliro pakati pawo. Pamene panathera phewa la wakumanja anakhoma chikhomo, pamene panathera la wakumanzere anakhoma china. Kenako mlembi wawo analemba m'kope lachikuto cholimba, momwe amalembamo za maliro ndi za malo, kuti kuchokera pa chigayo kukafika pa mtengo wa mango pali njira ya anthu onse, ndipo onse amene analipo anasaina, mphunzitsi uja nayenso.

Takisi sikwanamo. Wilibala imadutsa bwinobwino, njinga yamoto imadutsa, ndipo azakhali amadzera momwemo popita kukatenga mankhwala awo mwezi uliwonse. Ndinapitako Loweruka lapitali. Zikhomo zija zilipobe, chimodzi chapendekeka. Pambali pake, mbali ya mnyamata wa lendi uja, landilodi wake watsitsa njerwa malole awiri.